Khofi pa Makala

Pamdadada wa nyumba za lendi umenewo, nkhani ya kuotcha nyama sinkatsutsidwa: katswiri anali bambo a nyumba ya kumapeto, owotcherera zitsulo, amene mbaula yawo anachita kudula okha kumgolo. Koma chibwerere akazi awo kuchipatala, luso lonselo linasowa ntchito. Mankhwala anali atawapha mkamwa mayiwo. Chilichonse ankati chikumveka ngati thonje, ndipo thupi linkangosungunuka ngati sopo.

Tsiku lina masana, bambowo akukupiza moto, panafika mayi wina amene anali atangosamukira kumene nyumba yoyandikana nawo. Anali ndi kambale ka khofi wonyowa, wotsalira atasefa. Anati akamwaza pang'ono pamakala n'kuvundikira mbaula, utsi wake ulowerera m'nyama, mwina odwalawo n'kumvako kafungo.

"Mayi, khofi malo ake ndi m'kapu," anatero bambowo osacheuka n'komwe. "Ine ndinayamba kuotcha nyama inu musanamere mano."

Mlendoyo anabwerera ndi kambale kake. Nyama ya tsiku limenelo inachoka kuchipinda yosakhudzidwa, ya mawa lakenso chimodzimodzi. Bambowo anayesa adyo, anayesa mandimu, koma akazi awo ankangotembenukira kukhoma, mikono itatsala ngati bango. Mwana wawo wamkulu ndiye anawalasa bambowo pamtima. Anawafunsa mwaulemu ngati akufuna kusunga mbiri yawo kapena amayi. Bambowo anakagogoda okha kwa mlendo uja, chipewa chili m'manja.

Khofi atagwera pamakala, panakwera utsi wochindikala, wonunkhira ngati nkhuni zabwino zosakanikirana ndi fungo la mvula yoyamba. Nyama inapsa moderako, ikuchita kunyezimira. Amene ankachapa pampopi anaimika manja, mphuno zili m'mwamba. Kenaka chitseko chinalira. Mayi odwala aja, amene sankadzuka popanda wowagwira, anali ataima pakhomo atatsamira khoma.

"Bambo a mwana, chikununkhiracho n'chiyani? Tandipatseniko."

Anatafuna kanthuli kamodzi pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire, n'kupempha kena. Bambowo, munthu wopinda zitsulo ndi manja, anangopitiriza kukupiza moto, misozi ili mbwembwembwe, n'kumanamizira utsi.

Akuluakulu sananame: mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.