Bawuti ya mu Disitibiyuta

Ku Chikwawa kunali bambo wina wa matola. Chuma chake chonse chinali pikiapu yakale imene inkadyetsa banja lonse. Koma galimotoyo inkavuta kulira m'mawa, mafuta nkumamwa ngati chidakwa, ndiye anapita nayo kwa makaniko.

Makaniko anatsegula disitibiyuta, chipangizo chija chogawira moto ku mapulagi, namuonetsa tizitsulo tiwiri tokokedwa ndi tisipuling'i. Injini ikathamanga, tizitsuloti timatambasuka nkufulumizitsa moto. Koma tinali titatha, tikulamula moto pa nthawi yolakwika. Makaniko anaika kabokosi ka magetsi koti kazisankha kokha nthawi yoyatsa moto, ndipo tizitsulo tija anatimanga ndi bawuti kuti tisagwedezekenso.

"Achimwene, bawuti iyi musadzaikhudze," anatero makaniko. "Wolamula moto akhale mmodzi."

Bamboyo anavomera ndi mutu, koma mtima uli kwina. Atafika kunyumba anayamba kudziyankhulira. Tizitsulo timeneti tandiyendetsa zaka makumi awiri, lero ndikhulupirire kabokosi kobwera dzulo? Nanga kakadzafa panjira? Zizigwira ntchito zonse ziwiri, china chikalephera chinzake chindipulumutsa. Anatenga sipanala nkumasula bawuti ija. Taonani uchitsiru wake, abale anga! Iye ankati ndi nzeru.

Pa msewu wosalala wa kuchigwa galimoto inkauluka, iye nkumadzitama pa siteji. Kenaka amayi ake anadwala mwakayakaya, achipatala nati athamange nawo ku Blantyre. Anawagoneka kumbuyo pa matiresi nayamba kukwera chitunda cha Thabwa dzuwa lili pamutu.

Ataponda moto, kabokosi kanafulumizitsa moto monga mwa ntchito yake. Nato tizitsulo tinatambasuka nkufulumizitsanso. Moto unayamba kuyaka pisitoni isanafike pamalo pake. Injini inagogoda ngati miyala m'chitini, iye osamva, akupondabe. Utsi tolo! Galimoto inaima pakati pa chitunda. Amayi aja anabuula pa dzuwa maola awiri, mpaka lole ya makala inawachitira chifundo.

Mawa lake anakokera pikiapu ija ku galaja maso ali gwa, thovu lili kukamwa.

"Kabokosi kako kandiphera injini! Amayi anga akanafera pamsewu chifukwa cha iwe!"

Makaniko anatsegula disitibiyuta, nagwedeza tizitsulo tija ndi chala, tili gwedegwede.

"Bawuti yanga ili kuti, achimwene?"

Pisitoni inali itabooka, ndipo pikiapuyo sinayendenso.

Nkhani iyi imandipsetsa mtima, chifukwa bamboyu ndimamuona pakati panu m'tchalitchi muno Lamulungu lililonse. Munabwera kutsogolo kuno, munagwada, munati Yesu alamulire moyo wanu. Mutafika kunyumba munakafukula chithumwa chija nkuchimanganso m'chiuno, ati pemphero likadzalephera. Mukunamiza ndani? Pamene zinthu zili bwino simudzaona vuto, mudzaimba nafe kwaya bwinobwino. Koma chitunda chikubwera, matenda kapena maliro, ndipo tsiku limenelo olamula awiri adzakung'ambani pakati. Kenaka mudzabwera kudzaloza Mulungu chala kuti wakutayani. Sanakutayeni ayi, munamasula bawuti ndinu. Mtima sulamulidwa ndi awiri. Chimene munabisa chija kachitayeni lero, musanafike pa chitunda.