Moto wa Osaka Mbewa ku Dambo la Msekeni

Kalekale, msewu wa phula usanafike ku Msekeni, khansala Wisikoti Mangulenje analakwira mkulu wina dzina lake Jelasi Mtambalika. Anamulakwira mwezi wa Ogasiti, pabwalo la sukulu, anthu a midzi isanu akuonerera.

Nkhani yake inali ya moto. Ku Msekeni kuli dambo lalikulu lomera tsekera, udzu umene midzi yonseyo imafolera nyumba. Koma chaka ndi chaka, anthu akangokolola, osaka mbewa ankaotcha tchire kuti mauna aonekere. Mphepo ikauzira, motowo unkalowa m'dambo n'kupsereza udzu amayi asanamwete. Mvula ikabwera, nyumba zinkadontha ngati sefa. Chaka chimenecho moto unadumpha mpaka kukanyambita nkhokwe ya Jelasi, chimanga chili m'kati.

Ndiye pamsonkhano Jelasi anaimirira, chipewa kumanja.

"Bwana khansala, ife tikupsa kuno. Boma lili kuti?"

Mangulenje anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Agogo, boma lili ndi misewu, milatho, zipatala. Mukufuna likhale pansi kukambirana za mbewa? Takhalani pansi, a Chidandaulo."

Anthu anafa nacho chiseko. Dzinalo linamumatirira ngati chisoso pa buluku. Kuchigayo a Chidandaulo, kumaliro a Chidandaulo, ngakhale alamu ake enieni. Chimanga munthu amalima china, koma dzina likaipa silimera pena. Chimene Jelasi ankafuna kuposa zonse ndi choti tsiku lina anthu adzamutchulenso Mtambalika, osaseka.

Sukulu analekezera sitandade 2, kalata sankatha kulemba. Choncho anatola zisononkho zopsa za m'nkhokwe muja, n'kuziika m'thumba pamodzi ndi phulusa la m'dambo. Msonkhano uliwonse wa chitukuko ankafika, n'kukhuthula thumbalo patebulo la akuluakulu, osanena kanthu. Akamuthamangitsa ankatolera, n'kudzabweranso. Kenako anayamba kupita ku boma wapansi, ulendo wa tsiku lathunthu, kukakhala pakhonde la khonsolo ndi thumba lake. Amesenjala anamuzolowera mpaka kumamusungira pokhala. Anatero zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chomalizacho mlembi wina, atatopa kusesa phulusa, analemba nkhani ya moto wa ku Msekeni pamndandanda wa zokambirana. Vuto limene linali la nkhalamba imodzi linasanduka vuto la boma.

Apa Mangulenje anaona kuti chisankho chayandikira, ndipo anailumphira nkhaniyo ngati yake. Osafunsa mayi womweta udzu, osafunsa wosaka mbewa ndi mmodzi yemwe, anakankha lamulo loletseratu kusaka mbewa. Anthu ovala mataye amaganiza kuti akaletsa chinthu papepala ndiye kuti chatha. Mbewa zinaswana osati masewera. Zinafukula mbewu m'mizere, zinaboola nkhokwe, zinafika podya sopo m'nyumba. Moto nawo sunaleke. Osaka ankayatsa mobisa n'kuthawa, ndipo popeza aliyense ankaopa kuoneka pafupi, panalibe wozimitsa.

Mlandu wonse unagwera Jelasi, anthu n'kumamunena: "Mwaona, a Chidandaulo? Ndiwo mwatimanitsa, mbewa mwatilowetsera kuchipinda. Pitaninso ku boma mukatipemphere amphaka!"

Chaka chotsatira kunabwera mlangizi wa zaulimi watsopano, mayi Elube Kathewera. Iye sanayambe ndi lamulo. Anayamba ndi njinga yake, mudzi ndi mudzi, kufunsa. Amayi anamuuza kuti udzu amamaliza kumweta kumapeto kwa Julayi. Osaka anamuuza kuti pa tchire losapsa una suoneka, ndipo njoka imakuluma usanaione. Atafika kwa Jelasi anagwada pomupatsa moni.

"A Mtambalika, motowu umalowera mbali iti m'dambo?"

Dzina limenelo mkuluyo anali atatenga nthawi osalimva. Kenako anamutenga n'kukamulozera mpata wa kumwera, kumene mphepo imadutsira dzuwa likakwera.

Elube analemba ndondomeko yachidule. Mbewa anthu asake. Moto usayatsidwe amayi asanamalize kumweta. Midzi ilambule njira yotakasuka kuzungulira dambo lonse, makamaka kumwera. Kuotcha kuzichitika m'mawa mphepo isanadzuke, mudzi umodzi pa tsiku, anthu ataima m'mbali ndi nthambi zaziwisi. Anaitengera kukhonsolo, kumene Mangulenje anamufunsa ngati anaphunzira zaulimi kapena zambewa. Anabwezedwa kawiri. Kachitatu makhansala ena anagonja, lamulo lakale linafafanizidwa, latsopano linadindidwa.

Koma pepala linangokhala pachitseko cha ofesi, mphepo ikulipeperutsa. Osaka mbewa sawerenga zitseko.

Mtsogoleri wawo anali Sitolo Chadzunda, amene mipani yake ya mbewa inkadziwika mpaka kwa oyendetsa malole. Ndipo Msekeni yense ankadziwa, ngakhale panalibe amene ananena mokweza, kuti moto umene unatentha nkhokwe ya Jelasi unachoka m'manja mwa Sitolo yemweyu. Tsiku lina anaimitsa njinga ya Elube pamsewu.

"Mayi, lamulo lanulo ndi labwino, koma lilibe miyendo. Ndibwerekeni, ndiliyendetse ine."

Anaitana anzake onse n'kuwauza kuti akapitiriza kuotcha dambo, lamulo loletsa lija lidzabwerera, ndipo onse adzagulitsa mphepo. Polambula njira, khasu loyamba linali lake. Munthu akayatsa moto wakuba, Sitolo ankangoyang'ana makumbidwe a mauna n'kudziwa mwini wake, poti aliyense ali ndi kakumbidwe kake. Ankapita kukalanda khasu la munthuyo mpaka nyengo itatha, ndipo anayambira pa mphwake weniweni. Chaka chachiwiri moto unadumpha njira ku mpata wa kumwera. Sitolo anauthamangira ndi nthambi, anzake pambuyo, ndipo anauzimitsa usanafike pa tsekera. Dzanja lake lamanzere linapsa, zala ziwiri sizinawongokenso.

Zinatha zaka zinayi dambo osapsa. Madenga a ku Msekeni anakhuthala, udzu wina n'kumagulitsidwa ku midzi ya kutali. Mbewa zinabwerera pa mipani, kumene n'kwawo. Jelasi ankakhala pakhonde mvula ikugwa, n'kumayang'ana kudenga kufunafuna podontha, osapapeza.

"Mwasowa chodandaula, eti?" ankatero mkazi wake Nachisale. "Musadwale nazotu."

Kenako kunabwera uthenga wochokera kukhonsolo. Maboma ena akufuna kudzaphunzira ku Msekeni, choncho padambo paikidwa chikwangwani, ndipo dambolo litchedwa dzina la munthu mmodzi amene anathetsa moto. Mmodzi yekha. Anthu asankhe okha.

Anakumana pabwalo la sukulu. Jelasi anafika atavala jekete la kutchalitchi, poti anadziwa kuti dzina lolembedwa ndi penti palibe angaliseke.

"Ine ndinayenda zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Nsapato zinathera m'njira. Pamene inu munkati ndapenga, ndine ndinatsegula khutu la boma. Popanda ine, mayiwa akanalemba za chiyani?"

"Zoona, agogo," anayankha mayi wina womweta udzu, "koma khutu munatsegulalo linatibweretsera mbewa m'mabulangete. Amene anatifunsa ife ndi a Kathewera."

Elube anati iye ankangogwira ntchito imene boma linamutuma. Koma anawonjeza, akumwetulira, kuti ntchito yomweyo ena anaigwirapo n'kuiphonya.

Sitolo anakweza dzanja lopsa lija. "Madala, inu munalira, mayiwa analemba. Koma moto sumva kulira, ndiponso sudziwa kuwerenga. Umamva nthambi."

"Iwe usandiphunzitse za moto," anatero Jelasi. "Unayamba ndi nkhokwe yanga."

"Ndiye ndimaudziwa bwinotu, madala. Komanso nkhokweyo ikanapanda kupsa, inu mukanapita ku boma?"

Anthu anaseka, ndipo ulendo uno Jelasi anaseka nawo, ngakhale sanafune. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, osamvana. Madzulo ake atatuwo anadyera limodzi kwa Nachisale, Sitolo atabweretsa mpani wa mbewa zonona, ndipo mkangano unapitirira pamphasa pomwepo.

Mangulenje naye anatumiza kalata yonena kuti dzina loyenera ndi lake, poti lamulo loyamba analibweretsa ndiye. Palibe anaiyankha. Anagwa pachisankho, anasamukira kwawo kwa mkazi wake, ndipo anamwalira komweko.

Chikwangwani chija anachikhoma, koma malo a dzina akadali oyera, ndipo wopenta akudikira. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muuzeni alembe ndani: Jelasi amene anakakamiza boma kuona vuto, ngakhale kulira kwake kunayamba kwabala lamulo loipa, Elube amene anafunsa anthu n'kupeza njira, ngakhale inali ntchito yake, kapena Sitolo amene analipatsa lamulo miyendo, ngakhale moto woyamba anayatsa ndi iye?