Galimoto Yokonzedwera Msewu wa Tala

Panali munthu wina, dalaivala wa matola, amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Anali ndi pikiapu yakale imene inkanyamula anthu, matumba a mtedza ndi mbuzi kupita nazo ku boma. Sinali yothamanga. Pachitunda inkachita kukwawa, koma inkafika, ndipo pamtsinje inkawoloka ngakhale madzi atalekeza m'mawondo.

Chaka china kunabwera dalaivala wina ndi galimoto yatsopano. Ankamupitirira pachitunda akuimba hutala, okwera kumbuyo akuseka. Munthu uja sanasowe okwera, pakuti anthu a kutsidya ankadalirabe iye. Koma kusekako kunamulowa mumtima, ndipo ankafika nako kunyumba.

Mkazi wake, Nachisale, anali woyembekezera. Tsiku lina anamuuza kuti, "Bambo, galimotoyi imatidyetsa mmene ililimu. Asiyeni aseke." 

Koma munthu uja anaitsuka galimoto ija mpaka fumbi lonse litachoka, napita nayo m'tauni kwa makaniko wodziwa kuwonjezera mphamvu za injini. Makanikoyo anatsegula boneti n'kuyamba kufotokoza.

"Injini imafuna kupuma bwino," anatero. "Tichotsa mapaipi a ekizozi opanikizawa, tiike aakulu kuti utsi uzituluka mosavuta. Paipi yokokera mpweya tiitsitsa pansi, kuseri kwa bampala, kumene mpweya umakhala wozizira. Koma ndifunse kaye, achimwene. Mumayenda msewu wanji? Paipi imeneyi ikakhala pansi sifuna madzi. Ikangomwa madzi, injini yatha."

M'galajamo munali anthu ena a m'tauni, eni magalimoto onyezimira, ndipo anatembenuka kumuyang'ana. Munthu uja anachita manyazi kutchula mudzi wake ndi mtsinje wake.

"Wa tala," anatero. "Tala yekhayekha."

Makaniko anavomera n'kuyamba ntchito.

Inali nthawi ya chilimwe, ndipo mumtsinje munali mchenga wokhawokha. Galimoto inabwerera kumudzi itasinthadi. Inkabangula mpaka anthu a m'minda ankaweramuka. Pachitunda paja anamupitirira mnzake uja, naimba hutala nayenso, ndipo tsiku limenelo anadya chakudya mokoma.

Mawu a makaniko sanawaiwale. Ankadziuza kuti mvula ikayandikira adzabwerera m'tauni kukakwezetsa paipi ija. Koma kubwerera kunatanthauza kukaima m'galaja momuja n'kunena kuti ananama. Akaganiza zimenezo ankati, sabata yamawa. Mitambo inayamba kusonkhana, iye akunenabe kuti sabata yamawa.

Mvula inafulumira chaka chimenecho. M'mawa wina, itagwa yamphamvu kumapiri, Nachisale anayamba kudwala. Amayi achikulire atamuona anatuluka m'nyumba nkhope zili zolimba. Anati mwana wakhala mopingasa, athamangire naye kuchipatala. Anayala matiresi kumbuyo kwa pikiapu, namugoneka, amayi ake atamugwirira mutu.

Atafika pamtsinje, munthu uja anaima. Madzi anali ofiira, olekeza m'mawondo. Anali madzi omwe aja amene galimotoyo inkawoloka zaka zonse. 

Apongozi ake anagogoda pagalasi. "Mwaimiranji? Madzi awa si mumawoloka masiku onse?"

 Munthu uja analowetsa giya, natsikira m'madzi.

Ali pakati pa mtsinje, injini inatsokomola, inagunda kamodzi mwamphamvu, n'kukhala chete. Anapotoza kiyi. Anapotozanso. Ankangomva madzi akuwomba zitseko, ndi kubuula kwa mkazi wake kumbuyo.

Amuna amene ankalima chapafupi anathamangira pomwepo. Ananyamula Nachisale pamatiresi pomwepo n'kuwoloka naye. Wina anathamanga kukamanga ng'ombe pangolo. Ngoloyo inakwera chitunda chija pang'onopang'ono, munthu uja akukankha kumbuyo, matope ali thupi lonse. Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Nachisale anapulumuka. Mwana sanapulumuke.

Pikiapu anaikoka ndi ng'ombe tsiku lotsatira. Anaiimika kuseri kwa nyumba, ndipo sinalirenso.

Palibe amene anamuimba mlandu. Obwera kudzapepesa ankati mtsinje umenewu ndi wankhanza, ena ankati boma likanamanga mlatho kalekale. Apongozi ake anamuthokoza kuti anayesetsa. Mawu amenewo ndi amene ankamupweteka kwambiri, ndipo ankangoweramitsa mutu.

Patapita miyezi, Nachisale atayamba kupeza mphamvu, mwamuna wake anamupeza akusenda mtedza pakhonde. Anakhala pansi pafupi naye n'kumuuza zonse: za funso la makaniko, za anthu a m'galaja, za yankho lake, ndi za masabata onse amene ankazengereza. Nachisale anamvetsera osamudula. Manja ake anasiya kusenda.

"Mukanangowauza kuti kwathu kuli mtsinje," anatero motsitsa mawu.

 Anatola lichero lake n'kulowa m'nyumba. Anakhalabe limodzi mpaka ukalamba, koma munthu uja sanagwirenso chiwongolero.

Inu amene mukundimva, tsiku lina mudzaima pamaso pa munthu woti akuthandizeni, kaya ndi dokotala, kaya ankhoswe, kaya abusa. Adzakufunsani kumene mwachokera ndi mmene mukukhalira. Muuzeni msewu umene mumayendadi, ngakhale ena ali pomwepo akumvetsera. Iye adzakukonzerani zinthu monga mwa mawu anu. Anthu amene mukuwachitira manyaziwo adzapita kwawo n'kukuiwalani tsiku lomwelo, koma pamtsinje mudzafika ndi anthu amene mumawakonda.