Banyira pa Digiri

Chisandukireni kampani, yunivesite ya Phindulani inkalipiritsa chilichonse, ngakhale mthunzi wa mtengo wa mango. Ndiye Ulemu, mtsikana wa chaka chomaliza, ataperewera mamalikisi awiri pamayeso, mkulu wa yunivesiteyo, a Chimtengo, anagamula kuti abwereze chaka chonse ndipo alipirenso fizi. Kwawo kwa Ulemu mbuzi zinali zitatha kale m'khola.

Iye anangoti, "Zikomo bwana," n'kudikira tsiku lotsatsa sukuluyo, makolo atadzaza holo, a wailesi atatchera maikolofoni.

"Kuno mwana wanu ndi kasitomala," anadzitama a Chimtengo. "Timamusamala kuposa kumsika!"

Ulemu anaimika dzanja. "Bwana, kumsika munthu akagula dengu lonse osanenerera, wogulitsa amatani?"

"Amaikapo banyira, mwanawe! Wosaika banyira ndi wakuba."

"Ine ndagula zaka zinayi osanenerera." Anatambasula chitenje ngati wolandira tomato. "Ikaniponi mamalikisi awiri."

Holo yonse inafa nalo phwete.

"Iwe! Digiri si tomato!"

"Nanga mumaigulitsiranji pamulu?"

A Chimtengo anayang'ana maikolofoni, maikolofoni nayo inawayang'ana. Thukuta lili kamukamu, anamunong'oneza Ulemu kuti adzalembenso mayesowo mwaulere, bola apinde chitenjecho.

Ulemu anapinda. Koma a Chimtengo potukula maso anapeza makolo ali pamzere, zitenje atatambasula. Kutsogolo kunali bambo wina atatchera chipewa.

"Ine ana anga alipo atatu pano, bwana. Wachinayi akhale banyira."