Muzisiye Monga Munazipezera

Panali mayi wina wamasiye mumzinda, amene anali ndi nyumba zitatu za lendi kuseri kwa nyumba yake. M'nyumba yakumapeto munkakhala bambo wina wokalamba, wosoka nsapato pamsika. Anakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mkazi wake anamwalira kale, ana anabalalika, ndipo pakhomo pake sipankafika mlendo. Paploti ponsepo ndiye yekha amene ankaima m'mawa kufunsa mayiyo mmene wadzukira, n'kudikira yankho.

Tsiku lina kunabwera a khonsolo ndi tepi yawo yoyezera. Anati nyumba yakumapetoyo inamangidwa panjira ya ngalande, ndipo iyenera kugwetsedwa mvula isanayambe. Mayiyo anadandaula, koma anthuwo analemba zawo n'kumapita.

Tsono povuta panali apa: amuuza bwanji mkuluyo? Kawiri konse anafika mpaka pakhomo pake, n'kungofunsa za nsapato. Kenako mantha anamupatsa nzeru. Anapita kwa mnzake wodziwa malamulo a lendi, nakopera notisi yonse mzere ndi mzere: miyezi yokwanira, deti, siginecha ndi mboni ziwiri. Panalibe poipezera chifukwa. Anadikira kuti mkuluyo apite kumsika, n'kuilowetsa pansi pa chitseko. Kuyambira tsikulo anayamba kuzembazemba ngati wakuba panyumba pake pomwe.

Patapita masiku, mkuluyo anagogoda.

"Mayi, kalata ija ndaiona. Kaya pali mawu ena?"

Mayiyo anayankha ali m'kati, chitseko osatsegula. "Zonse zili papepalapo, bambo."

"Zikomo, mayi."

Mkuluyo anabwerera kukaliwerenganso pepalalo, popeza anauzidwa kuti zonse zili pamenepo. Mzere womaliza unkati: "Nyumba ndi bwalo muzisiye monga munazipezera." Mayiyo anali atangoukopera mzerewo osauganizira n'komwe.

Mwezi womaliza, mayiyo anapita kumudzi kukaona wodwala, nakhalako mlungu wathunthu. Pobwera anaima pachipata, kukayika ngati ndi pakwawo. Kadimba ka mpiru ka mkuluyo kanali katazulidwa, nthaka itasalazidwa. Benchi imene mkuluyo ankakhalapo masana inali itachotsedwa. Mtengo wa mapeyala, umene mkuluyo anabzala chaka chimene anafika, unali utadulidwa, nkhuni zake zitaunjikidwa bwinobwino m'mbali mwa mpanda. Makoma a nyumba yoti igwetsedweyo anali atapakidwa laimu, kuyera mbee. Kiyi anali pachitseko.

Musaganize kuti chinali chipongwe. Amene anamuona anati ankadula mtengowo mopumira, masiku atatu, akupukuta misozi ndi mkono wa malaya. Anali munthu womvera basi. Anapeza bwalo la fumbi, ndipo anasiya bwalo la fumbi.

Mayiyo anafunsa a lendi enawo, anafunsa kumsika, anafunsa ndi kutchalitchi komwe. Panalibe amene ankadziwa kumene mkuluyo walowera. Notisi ija inali ndi zonse, koma inalibe mzere wofunsa kuti mukupita kuti. Anabwerera nakhala pakhonde, dzuwa likumuwomba, ndipo anasungulumwa kuposa mmene anasungulumwira atamwalira mwamuna wake. Khoti lililonse likanamupeza wosalakwa. Zimenezo sizinamutonthoze.

Inu amene muli ndi nyumba za lendi, malamulo atsateni ndithu. Amateteza inu, amatetezanso wa lendi wanu. Koma lamulo limangokuuzani mmene mungamutulutsire munthu m'nyumba. Za kutsanzikana naye lilibe nazo mawu. Notisi mukailemba, musaitume yokha. Inyamuleni m'manja, mugogode, mukhale pansi, munene ndi pakamwa panu zimene zakuvutani. Mukabisala kuseri kwa pepala, munthuyo adzamvera pepalalo mpaka mzere womaliza, ndipo inu simudzamuonanso.