Nkhanu ya Kufakitale

Kalekale, ana inu sunthirani kuno, nanunso akuluakulu amene mukunamizira kuwodzera, nkhanu zinkayenda molunjika ngati ine ndi inu. Maso kutsogolo, ulendo kutsogolo.

Masiku amenewo padziwe lina panali Ng'ona, mkulu wadyera. Ankabisala powolokera. Amayi akamapita kumsika, iye n'kungoti vuu! Amayi aja liwiro, madengu m'madzi. Anthuwo analibe nawo ntchito. Iye ankafuna za m'dengu: mandasi, masikono, buledi. Kwapu, ndi dengu lomwe.

Koma akadya, mimba inkayamba. Gudugudu, gudugudu. Inkatupa ngati ng'oma, mpaka mkulu uja ankayandama chagada, kumira osatheka. Tsiku lina mbalame zinamutera pamimba n'kuyamba kukambirana zomangapo chisa. Ululu unalipo ndithu, koma chimene chinamuliza ndi manyazi.

Anapita kwa Dokowe, sing'anga wa padziwepo. Dokowe anagogoda mimba ija ndi mlomo, go go go.

"Achikulire, thupi lanu silimvana ndi tirigu. Muli kanthu m'menemo kotchedwa guluteni. Musadzalawenso, ngakhale kanyenyeswa. Chilichonse musanameze, yambani mwafunsa."

"Ndidzachira liti?"

"Sizichira zimenezi. Zimangopewedwa."

Dzina lovuta lija Ng'ona analiiwala asanafike kwawo, koma lamulo analigwiritsitsa. Akagwira nsomba: "Muli tirigu?" Akagwira chule: "Muli tirigu?" Nsomba ndi achule, pokhala oleredwa bwino, ankayankha zoona kuti mulibe. Kwapu.

Ndiye kunabwera Katumbu, amene anakhalitsa kutauni akutsuka mbale mulesitilanti. Anabwerako ndi mpeni wautali, thabwa lodulirapo, ndi nkhani ya chakudya chotchedwa sushi.

"Ndi mpunga wothira viniga, achikulire," anatero Katumbu. "Pakati timaika nsomba kapena nkhanu, kunja timakulunga ndi ndere zouma, kenako timadula timagawo."

"Muli tirigu?"

"Mumpunga mulibe. Mundere mulibe."

"Nanga m'botolo lakudalo?"

"Umenewo ndi msuzi wa soya, woviikamo. Umo ndiye muli. Ulipo wina wopanda tirigu, koma sindinaupeze."

Ng'ona analimenya botolo lija ndi mchira. Phwaa! "Nsomba zandikola," anatero. "Ndikufuna ya nkhanu."

Sanapite patali. Nkhanu, mayi wa ana osawerengeka, ankachokera kosaka chakudya, akuyenda molunjika monga mwa masiku onse. Ng'ona anangomutola ndi mano n'kukamuika pathabwa la Katumbu, pambali pa mpunga. Pamoto madzi anali atayamba kale kubwata. Nkhanu anayang'ana madzi, anayang'ana mpeni, anakumbukira ana ake pansi pa mwala akudikira amayi awo.

Ng'ona anayasamula, kenako anakumbukira lamulo.

"Iwe, muli tirigu?"

"Muli, bwana."

Chiyambire, palibe ndiwo imene inayankhapo choncho.

"Tirigu walowa bwanji mwa iwe? Kumunda unapitako liti?"

"Ine si nkhanu yeniyeni, bwana. Ndine wa kufakitale. A Katumbu akudziwa, afunseni."

Katumbu anali ndi vuto limodzi: zimene anaona kutauni sankatha kuzisunga m'kamwa. "Kunena zoona, achikulire, ziliko. Nkhanu zambiri za mu sushi kutauni si nkhanu ayi. Ndi nsomba yosinja, yosakaniza ndi ufa wa tirigu, kunja n'kupaka zofiira. Koma zimene zija zimabwera mupulasitiki. Zilibe miyendo. Sizilankhulanso."

"Zimenezo ndi zakale," anatero Nkhanu, osaphethira. "Ife ndife atsopano. A Katumbu anachokako tisanatuluke."

Katumbu sanafune kuoneka wotsalira. "Kutauni zinthu zimasintha msanga," anavomera.

Koma njala ya Ng'ona sinali yopusa. "Ukunama iwe. Umboni uli kuti?"

"Nditsitseni pansi muone nokha. Amene ankandilumikiza miyendo anali atangoyamba kumene ntchito, ndipo inali nthawi yoweruka."

Anamutsitsa. Nkhanu anayang'ana kutsogolo, n'kuyenda cham'mbali. Tswe tswe tswe. Anaima. Anayang'ananso kutsogolo, n'kuyenda cham'mbali. Tswe tswe tswe. M'chiuno munkawawa, koma pambuyo pake madzi ankabwata.

Ng'ona anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Chauta sangalenge chinthu choyenda chonchi," anatero. "Imeneyi ndi ntchito ya anthu."

"Mwaona bwino, bwana. Komanso pepani, ndisakubisireni. Ufawu umayoyoka ndikamayenda. Ndakhala pathabwa lija, ndaponda mpunga, mpeni uja ndaukhudza. Kaya a Dokowe anati chiyani za tinyenyeswa."

"Anati ngakhale kamodzi!"

"Ndiye ndikudandaulira m'kamwa mwanumo. Paja munandinyamula ndi mano."

Ana inu, simunaonepo ng'ona ikuthamanga. Khuvuu! m'madzi. Anachukucha m'kamwa, analavula, anachukuchanso.

"Katumbu! Taya zonsezo! Thabwalo utsuke ndi mchenga!"

Katumbu anapita kuseri kwa bango kukataya mpunga uja. Anabwerako akunyambita ndevu.

Tsiku limenelo Ng'ona sanadye kanthu. Sanatupenso mimba, ndipo anauza aliyense kuti wapulumuka chifukwa cha nzeru zake.

Nkhanu anayenda cham'mbali mpaka pamwala pake. Ana anatuluka kudzamuchingamira. Mtima wake unali mbee, anafuna kuwongola miyendo kuti awathamangire. Atacheuka, anaona maso awiri pamwamba pa madzi, ali tong'o, akumuyang'ana.

"Ana inu, imani pomwepo," ananong'ona. "Kuyambira lero tonse tikuyenda cham'mbali. Wina akakufunsani kwanu, muziti kufakitale."

"Mpaka liti, amayi?"

"Mpaka a Ng'ona adzachire."

Paja Dokowe ananena kuti sizichira. Mawa mukapita kumtsinje mukagudubuze mwala, mukaone mmene zidzukulu za Nkhanu zikuyendera. M'chiuno munazolowera kalekale, koma wowongoka palibe.

Nthano yanga yafika pamwala pake, yalowa pansi, yathera pomwepa. Amene mimba yake ili ndi malamulo azifunsa asanameze, n'zoona zimenezo. Koma azifunsa wophika. Ndiwo ikayamba kuyankha yokha, imayankha zokomera ana ake.