Mtsinje Womezedwa ndi Phiri

Pakhonde la nyumba yaitali ya kwathu, momwe mumakhala mudzi wonse, Jalong ankaimba sape, zeze wake wosema, amayi akupeta mpunga. Jalongyo anali mlendo wochokera kumtunda kwa nkhalango, ndipo anali atafunsira mbeta Ubung, mlongo wake wa Ngau, mpalasabwato wa m'mudzi mwathu. Onse ankamukonda mlendoyo kupatula Ngauyo.

Tsikulo Jalong anaimba za Kelayo, mtsinje wa kwawo, umene akuti umathamanga ndithu kenako n'kulowa m'mimba mwa phiri loyera, kukatulukira kuseri.

"Imani kaye, akulu," anatero Ngau. "Mtsinje kulowa m'phiri? Ndi mbewa?"

"Ndi mmene ulili, alamu."

"Ulamuwo sunayambe. Ine ndakulira pabwato, madzi otero sindinawaonepo."

Jalong atachoka, Ngau anamukokera pambali mlongo wake. "Iwe Ubung, munthu wonamizira mtsinje angalephere kunama za mkazi? Mutu wakewo sukuyenda bwino, kapena pali chimene akubisa kwawoko."

"Achimwene, nsanje ya nyimbo basi. Inu mukaimba, agalu amalira."

Mawuwo anamulasa Ngau. Analumbira kuti akauona yekha Kelayoyo, ndipo akapeza bodza, ukwati ulephereke. Jalong anamutsatira n'kumupeza kudooko akuthira mafuta mu injini ya bwato.

"Pitani, koma mvula yagwa kumtunda. Mukaona thanthwe loyera, tsikani, mukokere bwato pamtunda."

Ngau anamuyang'ana ndi diso la nkhwezule. "Ee, kuti ndisaone chimene chili kutsogoloko? Ndakutulukirani."

Anakwera mtsinje waukulu, n'kukokera bwato pamtunda mpaka anaupeza Kelayo, ndipo anayamba kutsika nawo. Makhwawa onse amene Jalong anatchula ankapezeka m'malo mwake, koma zimenezi zinangomuonjezera chikayiko: wabodza wochenjera amathira choonadi pang'ono ngati mchere. Thanthwe loyera litaonekera, iye anaonjezera moto.

Atakhota, phiri linali litayasama patsogolo pake, madzi ofiira akukhuthukira m'kamwa mwakemo ndi mkokomo. Injini inalira, koma bwato silinamvere. Ngau analumpha n'kugwira muzu wolendewera, ndipo anaona bwato lake likumezedwa lonse, psiti.

Anakwera pagombe n'kukhala pomwepo masiku angapo. Njala ndi misundu zinali zitamufooketsa pamene anamva injini ina. Anali Jalong, amene mtima sunamukhale m'malo chichokereni Ngau.

"Mwauona, alamu?"

 Ngau anavomera ndi mutu n'kufunsa motsitsa mawu, "Nanga kuseriko umatulukadi?"

"Tiyeni mukaone. Mwina nkhafi yanu yatidikira kumeneko."

Nkhafiyo anaipezadi, itatsakamira pamchenga pamodzi ndi matabwa osweka. Paukwati wa Ubung, Ngau anakhala kumbuyo, wopanda bwato. Amene tinamva chenjezo lija padooko tinangokumbutsana kuti wamisala anaona nkhondo.